Masiginolo olembedwa malamulo mu OpenTTD: yankho kwa mnyamata wa ku Chinamwali amene sitima zake zatsekerezana

Funso

Zikomo akulu. Ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo kwa miyezi inayi ndakhala ndikusewera OpenTTD, gemu yomanga njanji ndi kuyendetsa sitima, pa laputopu ya mkulu wanga. Ndinapanga mapu angaanga, matauni n'kuwatcha Zomba, Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, njanji imodzi monga zilili kwathu kuno. Pa siteshoni ya Zomba sitima zimatsekerezana: ziwiri zili pa mapulatifomu, yachitatu yaima pakhomo, palibe yosuntha. Sitima zazitali za malasha zimalowa pa pulatifomu yaifupi ya anthu ku Liwonde, komanso sizikwana pa malo osemphanirana amene ndinamanga kutsogolo kwake, mchira umatsala panja. Zikachuluka zimandanda pa njanji yaikulu kudikira kutsitsa ku Nayuchi, ya anthu n'kumachedwa. Ndinamva kuti pali masiginolo oti umawalembera malamulo wekha, koma ndafufuza m'gemu monse sindikuwaona. Ali pati, ndipo angandithandize?

Yankho

Achimwene, zikomo chifukwa cha funsoli, ndipo mapu anuwo andikondweretsa. Ife a mumzinda wa Zomba tikafuna kuona sitima timachita kukwera minibasi mpaka ku Liwonde, kukaima chapafupi ndi mlatho wa njanji pa Shire, ndiye inu mwatibweretsera siteshoni pakhomo. Njanji ya Nkaya, Liwonde mpaka Nayuchi imene mwatengerayo inatsegulidwa mu 1970, ndipo masiku ano ndi imene sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadzera popita ku Nacala. Ndi njanji imodzi, sitima zimasemphana pamalo okonzedwa pokhapokha. Choncho zimene zikukusowetsani mtendere pa laputopupo n'zomwezo zimene anthu oyendetsa njanji yeniyeni amagona akuganiza.

Masiginolowo simukuwaona chifukwa mu OpenTTD wamba mulibe. Ali mu mtundu wina wa gemu yomweyi wotchedwa JGR's Patch Pack, ambiri timangoti JGRPP, umene amausamalira ndi Jonathan Rennison. OpenTTD inayamba mu 2004 potengera Transport Tycoon Deluxe ya Chris Sawyer ya mu 1995, ndipo poti ndi yaulere, khodi yake ili poyera, munthu wodziwa amatha kuwonjezerapo zake. JGRPP ndi mtolo wa zowonjezera zoterozo.

Koma musathamangire kukaitenga. Vuto lanu la pa Zomba silifuna lamulo ngakhale limodzi, ndipo mukalipaka malamulo lisanakonzedwe mudzangolikwirira, lidzatulukira pena. Tiyambe ndi limenelo.

Siginolo yakale ya m'gemuyi, yotchedwa block, imafunsa chinthu chimodzi chokha: kodi m'chigawo cha njanji chimene chili kutsogolo kwanga muli sitima? Chigawo ndi njanji yonse yolumikizana kuchokera pa siginoloyo kukafika pa masiginolo otsatira, ndi nthambi zake zomwe. Mukakhala sitima, imafiira, kaya sitimayo ili pa nthambi imene inu simukupitako. Nzeru imeneyi inachokera ku njanji zenizeni. Mu 1872 William Robinson wa ku America anapeza njira yodutsitsa magetsi m'zitsulo za njanji, kuti mawilo a sitima akangoponda, siginolo izifiira yokha. Siginolo ya path ndi ina. Imeneyo imakhala yofiira mpaka sitima ifike ndi kupempha njira. Sitima imasungitsa njanji kuchokera pamene ili kukafika pa malo otsatira amene ingaimepo bwinobwino, monga amachitira amayi kuchigayo, kuika thumba pamzere kuti malowo adziwike kuti ali ndi mwini. Ikalephera kusungitsa njira yonseyo, sichoka. Ndipo malo amene gemu imawerenga kuti ndi oimapo ndi atatu: kutsogolo kwa siginolo yoyang'anizana nayo, mu depoti, kapena pothera njanji.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mukaika siginolo ya path, simukungoika chotetezera ngozi. Mukuuza sitima kuti apa ndakuloleza kuima. Ndiye musanaike iliyonse dzifunseni kuti sitima yanga yaitali kuposa zonse itaima pano, itsekereza ndani?

Mmene mwafotokozeramo, pakhomo pa siteshoni yanu ya Zomba, pa njanji imodzi ija, pali siginolo yoyang'ana sitima zobwera. Ndi imene ikukupwetekani. Sitima yachitatu imaona malo oimapo pakhomopo, imasungitsa njira mpaka pamenepo, imabwera, n'kukhala pa njanji yokhayo imene ziwiri zam'kati zikanatulukira. Ichotseni. Chotsaninso ina iliyonse imene ili pakati pa njanji imodziyo. Musiye ya potulukira pa malo osemphanirana omaliza, yoyang'ana sitima zopita ku Zomba, ndiponso pa pulatifomu iliyonse muike siginolo ya path yoyang'ana sitima zotuluka. Za pa mapulatifomuzi zikhale za path wamba, osati za one-way, chifukwa ya one-way silola sitima kuidutsa chakumbuyo ndipo palibe ingalowe. Mukatero, sitima yachitatu sidzanyamuka pa malo osemphanirana mpaka itapeza pulatifomu yopanda kanthu, pakuti malo oyamba oimapo tsopano ndi kumapeto kwa pulatifomuyo. Kuti muziona zimene zikuchitika, tsegulani Settings, m'kabokosi kofufuzira mulembe reserv, ndipo muyatse zoonetsa njira zosungitsidwa. Njanji imene sitima yasungitsa iziderako. Ine sindisewera chimenechi chili chozima.

Tsopano JGRPP. Imapezeka pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako mapulogalamu, pa tsamba la releases la JGRennison, ndipo sidya bandulo yambiri. Mukaitsitsa simufunanso intaneti posewera, laputopu yakale imaikwanitsa. Iikeni mu foda yakeyake. Mapu anu a OpenTTD wamba atseguka bwinobwino mu JGRPP, koma mukangoseva muli m'menemo, fayiloyo sidzatsegukanso mu OpenTTD wamba. Kopani kaye fayilo yanu muisunge padera, ngakhale pa fulashi. Mukafuna kusewera ndi anzanu pa netiweki, nonse mukhale ndi JGRPP ya nambala imodzi.

Mu JGRPP muli zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amazisokoneza, zonse amangoti masiginolo a pulogalamu. Choyamba ndi programmable pre-signal. Chachiwiri ndi routefinding restriction, ena amati routing restriction. Dzina loyambalo ndi limene limakopa anthu, koma inu chimene mukufuna ndi chachiwiri, ndipo chifukwa chake nachi.

Programmable pre-signal ndi m'bale wa masiginolo a block. Mu OpenTTD wamba muli mapre-signal atatu: ya entry ya kamzere kachikasu kopingasa, ya exit ya kamzere koyera koimirira, ndi ya combo ya kamzere kachikasu koimirira. Ya entry imabiriwira pokhapokha imodzi mwa za exit zakutsogolo kwake ikakhala yobiriwira. Lamulo limenelo ndi lokhomereredwa, simungalisinthe. Ya pulogalamu imakulolani kulisintha: mutha kunena kuti ubiriwire pokhapokha za exit ziwiri zikakhala zobiriwira, kapena ufiire ina yakutiyakuti ikafiira, ngakhale ili kutali. Koma maso ake amathera pa masiginolo anzake ndi manambala ena amene mwaipatsa. Sitima imene yaima patsogolo pake siidziwa. Kaya ndi ya malasha, kaya ya anthu, kaya yaitali, kwa iyo n'chimodzimodzi. Pamene mavuto anu otsalawo onse akufunsa funso limodzi: sitima imeneyi ndi yotani?

Routefinding restriction ndi imene imayankha funso limenelo. Si mtundu wina wa siginolo ayi, ndi kapepala ka malamulo kamene mumamata pa siginolo imene ilipo kale. Pa windo la masiginolo pali batani la kachithunzi kofanana ndi ka Settings. Mukalidina n'kudina siginolo, patseguka windo lolembamo. Siginolo imene yamatidwa malamulo mtengo wake umasanduka wa buluu, ndiye mutha kuizindikira muli patali. Simuchita kutayipa khodi. Mumadina Insert, n'kusankha mizere pa mndandanda. Mizereyo ili mitundu iwiri, yofunsa ndi yolamula. Yofunsa imayamba ndi If, ndipo itha kufunsa kutalika kwa sitima, liwiro lake lalikulu, katundu amene imanyamula, siteshoni imene ikupita, imene yachokera, gulu limene mwaiika, ngakhale mbali imene yalowera. Yolamula imanena chochita yankho likakhala inde.

Chizolowezi chimene chandithandiza kuposa china chilichonse n'choti ndisanakhudze batani limenelo, ndimalemba lamulolo m'Chichewa pa pepala, chiganizo chimodzi. Ngati sindingathe kulinena m'chiganizo chimodzi chimene mwana wa Sitandade 6 angamve, ndiye kuti sindinamvetse vuto langa, ndipo gemu singandimvetsere.

Tiyese ndi Liwonde. Tinene kuti pulatifomu ya anthu ndi ya matailosi 4, ya malasha 7 (tailosi ndi kabokosi kamodzi ka pa mapu a gemu). M'gemuyi bogi imodzi nthawi zambiri imatenga theka la tailosi, ndiye matailosi 7 ndi mutu wa sitima ndi mabogi 13. Pa pepala: sitima yotalika kuposa matailosi 4 isalowe pano. M'windo muja ikhala mizere itatu:

If train length > 4
Deny
End if

Mvetsetsani zimene Deny imachita, chifukwa ambiri apa amaphonya. Siifiiritsa siginolo. Imalankhula ndi mbali ya gemu imene imasankhira sitima njira, imene amaitcha YAPF, n'kuiuza kuti kwa sitima iyi, kuno n'kotseka, yang'ana kwina. Zotsatira zake n'ziwiri. Choyamba, lamulolo liyenera kukhala pa nthambi imene mukuikaniza, njanji zitalekana kale. Mukaliika pa siginolo ya pamphambano njanji zisanalekane, mwakaniza njira zonse ziwiri. Chachiwiri, njira ina iyenera kukhalapo. Sitima ikapeza kuti konse n'kokanizidwa imasokera, uthenga woti yasochera umabwera, ndipo imangoyenda chiyendeyende, mwina n'kudutsa pomwe munakanizapo.

Mwina mwaona kale chovuta: ndanena kuti tisaike siginolo pamene sitima siyenera kuima, nanga pa nthambi yolowera pulatifomu lamulolo tilimata pa chiyani? Siginolo ya path wamba ikayang'ana kwina, sitima imaidutsa chakumbuyo osaima, koma Deny yomatidwapo imawerengedwabe. Choncho siginolo ija ya pamapeto a pulatifomu, yoyang'ana sitima zotuluka, itha kunyamula lamulo la sitima zolowa. Mukafuna kuti ligwire zolowa zokha, wonjezerani funso la entry direction, musankhe zolowera kumbuyo. Poti Liwonde yanu sitima zimalowera mbali ziwiri, lamulolo likhale kumapeto onse awiri a pulatifomu. Pali mabatani a Copy ndi Share. Gwiritsani Share, kuti tsiku limene mudzatalikitse pulatifomu mudzasinthe nambalayo malo amodzi, masiginolo onse n'kutsatira. Ndiponso lamulolo likhale pafupi ndi mphambano imene likuweruza, pakuti posankha njira sitima imawerenga malamulo a masiginolo oyandikira okha, pafupifupi 10 akutsogolo kwake.

Mnzake wa Deny ndi Penalty, ndipo ine ndimakonda ameneyu. Deny imati usadzere kuno. Penalty imati kuno n'kotalika. Posankha njira, gemu imawerengera tailosi iliyonse yowongoka ngati 100, n'kutenga njira yotsika mtengo. Penalty imawonjezera nambala pamwamba pake. Yaing'ono ndi 500, yapakati 2000, yaikulu 8000, ndipo mutha kulemba yanu. Ndiye 500 ili ngati mwatalikitsa njira ndi matailosi asanu, 8000 ngati 80. Pa pulatifomu yaitali ya malasha ija, lembani kuti sitima ikakhala yonyamula anthu, Penalty yapakati. Ya anthu izikonda pulatifomu yake, koma tsiku limene yake ili ndi ina, itha kulowa pa yaitaliyo m'malo moima panja. Pamene chinthu sichingatheke n'komwe, monga sitima yaitali pa pulatifomu yaifupi, Deny. Pamene mukungofuna kuti chisamachitikechitike, Penalty. Njanji yodzaza ndi Deny imauma gwa, kakasokonekera kamodzi zonse zimaima.

Za malo osemphanirana aafupi aja, njira yabwino kuposa zonse ndi kuwatalikitsa, ndipo ngati ndalama ndi malo zilipo chitani zimenezo. Koma pena phiri kapena mtsinje sizilola. Pamenepo pali lamulo lotchedwa Reserve through. Limauza sitima kuti siginolo iyi usaiwerenge ngati malo oimapo, sungitsa njira mopitirira. Pa pepala: sitima yosakwana pano isaime pano. Pa masiginolo awiri otulukira pa malo osemphaniranawo lembani If train length kuposa kutalika kwa malowo, Reserve through, End if. Zikatero sitima ya malasha sinyamuka ku Liwonde mpaka itasungitsa njira yonse kudutsa malo aafupiwo kukafika poimapo potsatira. Ya anthu, poti ndi yaifupi, imalowa pambali pake n'kudikira, yaitali n'kudutsa osaima. Ndi mmene zimakhalira pa msewu wokwera ku Chawe galimoto yaing'ono ikakumana ndi lole ya matabwa: wamng'ono ndiye amapatuka. Mtengo wake ulipo. Sitima yaitaliyo idikira nthawi yotalikirapo isananyamuke, poti ikufuna njanji yaitali yopanda kanthu nthawi imodzi. Walira mvula walira matope.

Latsala vuto la mndandanda wa ku Nayuchi, ndipo apa mpamene JGRPP imandikoma kwambiri. Chida chake ndi slot. Kuti muchione, pitani ku Settings muyatse zoonetsa advanced routing restriction features, pakuti chimabwera chobisika.

Slot ndi ndodo. Ndinaonapo pamene ankakonza msewu, mbali imodzi itatsekedwa, anthu a mbendera ataima uku ndi uku osaonana chifukwa cha khona. Dalaivala womaliza pa gulu lathu anamupatsa kansalu kofiira kuti akapereke kutsidya, ndipo a kutsidyawo sanatsegule mpaka kansaluko katafika m'manja mwawo. Njanji za njira imodzi zinayendera nzeru imeneyi kwa zaka zambiri. Woyendetsa sitima sankalowa m'chigawo asanalandire ndodo kapena kachitsulo ka chigawocho. Sitima ziwiri zitawombana maso ndi maso pa njanji imodzi ku Thorpe, pafupi ndi Norwich ku England, mu 1874, Edward Tyer anapanga makina a magetsi otulutsa kachitsulo kamodzi kokha pa nthawi, ndipo pofika 1878 anali atawalembetsa. M'gemu muno slot ndi kachitsulo komweko, kusiyana kwake n'koti inu ndi amene mumanena kuti tizitsuloto tikhale tingati.

Werengani malo amene sitima ya malasha ingaime ku Nayuchi popanda kutsekereza njanji yaikulu. Tinene kuti ndi awiri, pulatifomu yotsitsira ndi njanji imodzi yodikirira. Tsegulani mndandanda wa sitima zanu, pa Manage list musankhe za ma slot, mupange imodzi, muitche Ndodo ya Nayuchi, ndipo chiwerengero chake chikhale 2. Pa pepala: sitima ya malasha isachoke ku Nkaya popanda ndodo. Pa siginolo ya path yotulukira pokwezera malasha ku Nkaya, lembani kuti sitima ikakhala yonyamula malasha itenge slot imeneyo, ikalephera idikire. Pa siginolo yotulukira ku Nayuchi lembani kuti ibweze slot, ndipo musankhe kuti ibweze mchira ukadutsa, osati mutu, kuti malowo akhale atatsegukadi. Sitima yachitatu tsopano idikira ku Nkaya, kwawo, m'malo mokaima pakati pa njira.

Samalani pamene mwaika siginolo yotengera ndodoyo. Sitima yodikira ndodo imaima pomwepo, mwina nthawi yaitali. Ikakhala pa njanji yaikulu, mwangosamutsa mndandanda kuchoka ku Nayuchi kubwera ku Nkaya, ya anthu ichedwabe. Ikhale pa njanji ya malasha okhaokha, isanalowe mu yaikulu. Mwaona kuti tabwerera ku funso loyamba lija, lakuti itaima pano itsekereza ndani.

Ndodo imavuta pobweza. Ngakhale pa njanji zenizeni, ngozi ya ku Abermule ku Wales mu 1921, imene inapha anthu 17, inachitika makina ali bwinobwino: woyendetsa anabwezeredwa kachitsulo ka chigawo chimene anali atachokako kale, iye osayang'ana. M'gemu simufa munthu, koma zimasokoneza mutu. Tsiku lina madzulo kuno ku Matawale ndinkasewera ndi mwana wa mchemwali wanga, ndipo ndinakonzanso njanji yotulukira pa siteshoni yotsitsira malasha. Ndinafumula siginolo yakale, n'kuika yatsopano tailosi imodzi kutsogolo. Malamulo anapita ndi yakaleyo, ine osazindikira. Chodabwitsa n'chakuti njanji sinaime. Sitima ziwiri zinkapita ndi kubwera monga mwa masiku onse, koma zinayi zinangoti chilili pokwezera, malasha akuunjikana pa siteshoni, ndalama zikutsika. Ndinayang'ana siginolo yotengera ndodo kangapo, lamulo lili bwinobwino. Mnyamatayo ndi amene anati, amalume, bwanji zikuyenda ndi zomwezomwezo? Titatsegula windo la ma slot tinapeza sitima ziwiri zija zili m'menemo, sizinatulukemo. Zinkabwerera ndi ndodo zili m'manja, pofika pa siginolo n'kudutsa poti zinali nazo kale, zinzake osalandirako. Mtengo wa siginolo yatsopano ija sunali wa buluu, ndipo chimenecho chokha chikanandiuza ndikanayang'ana. Chichokereni tsiku limenelo, ndikagwira njanji pafupi ndi siteshoni ndimawerenga mitengo ya buluu ndisanayambe, n'kuwerenganso ndikamaliza. Muonetsetsenso kuti njira iliyonse imene sitima ingatulukire ili ndi lamulo lobweza, ndi ya ku depoti yomwe. Zikakanirira, pa windo lomwelo mutha kuchotsa sitima mu slot pamanja.

Pofufuza cholakwika, kuona maso a nkhono n'kudekha. Imitsani gemu. Sankhani sitima imodzi yoima, muone kumene ikufuna kupita, muone pamene njanji yoderako yathera, kenaka muwerenge malamulo a siginolo imene ili patsogolo pake mzere ndi mzere, mukuyankha mafunso ake ngati inu ndinu sitimayo. Musinthe chinthu chimodzi, muyendetse gemu, muone. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, zikakonzeka simudziwa chakonza n'chiti, zikaipa simudziwa chobweza. Ndipo muziseva musanayambe kusintha, m'dzina latsopano, komanso autosave ikhale yoyaka, poti magetsi kwathu kuno satsanzika ndipo mabatire a malaputopu akale sakhalitsa.

Mwina mudzafuna kuti sitima ya anthu izikhala patsogolo pa mphambano ya Nkaya. Lamulo la Long reserve limathandiza pamenepo. Limauza sitima kuti podutsa siginolo iyi usungitse njira mopitirira siginolo yotsatira, ngakhale uli ndi malo oimapo pafupi. Mukalimata pa masiginolo angapo a njanji yaikulu mphambano isanafike, ndi funso loti ngati yanyamula anthu, sitima ya anthu imayamba kusungitsa mphambanoyo ikadali patali, ya malasha n'kupeza thumba lili kale pamzere.

Nanga programmable pre-signal ija ilibe ntchito? Ili nayo, kwa anthu amene amamanga ndi masiginolo a block. Nayonso imabwera yobisika, muiyatse ku Settings. Ntchito yake yodziwika ndi yomweyo yopereka mpata: pa nthambi yolowa mu njanji yaikulu mumaika ya pulogalamu, n'kuilozera siginolo ya exit imene ili pa njanji yaikulu chakumbuyo, n'kulemba kuti iyo ikafiira nawenso fiira, apo ayi biriwira. Sitima ikamabwera pa njanji yaikulu, ya pa nthambi imadikira. Imathanso kutembenuza, kufiira pamene inzake yabiriwira, chinthu chimene mu OpenTTD wamba anthu amachipeza pomanga kasitima kozungulirazungulira pa kanjanji kakekake. Dziwani kuti singabiriwire m'chigawo chake muli sitima, kaya mulembe zotani, ndiye simungawombanitse sitima ndi pulogalamu yolakwika. Musailozere ku masiginolo a path, pakuti amenewo amakhala ofiira ngakhale njanji ilibe kanthu, ndipo idzangofiira tsiku lonse. Pa mapu anu a njanji imodzi, ine sindingaiike pena paliponse pakadali pano. Mudzaifuna mukadzamanga njanji ziwiri kapena zinayi zodzaza sitima.

Poyesera, musayambire pa mapu anu enieni. Pangani mapu aang'ono a 64 ndi 64, athyathyathya, mumange masiteshoni awiri, malo osemphanirana amodzi aafupi, sitima yaitali imodzi ndi zazifupi ziwiri. Yesani Deny yokha mpaka muone sitima yaitali ikukana pulatifomu yaifupi. Kenaka mwadala mukanize mapulatifomu onse awiri, kuti muone ndi maso anu mmene sitima yosokera imachitira, mudzaizindikire tsiku lina. Mukatero Reserve through, pomaliza slot. Madzulo awiri akukwanirani.

Mukabwerera pa mapu a Zomba, yambani ndi kuchotsa siginolo ya pakhomo ija, musiye gemu iyende chaka chimodzi cha m'gemu musanamate lamulo lililonse. Zikavutabe pa Liwonde, jambulani sikirini njira zosungitsidwa zikuoneka, mulembe kutalika kwa mapulatifomu ndi kwa sitima yanu yaitali kuposa zonse, munditumizire limodzi ndi chiganizo chanu cha pa pepala chija, tidzaonere pamodzi.